Khansa ya magazi ya amphaka: kachilombo kamene kamadzilemba m'thupi

Mphaka wa pagolosale ku Kawale kapena wa pachigayo ku Area 25 akayamba kuonda, anthu amathamangira kunena kuti wadya khoswe wa poizoni, kapena kuti njoka za m'mimba zamuchulukira. Nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Koma pali mphaka wina amene mumamumwetsa mankhwala a njoka, akhalako bwino sabata ziwiri, kenako chimfine. Chimfine chikatha m'kamwa mutuluka zilonda. Zilonda zisanapole wayamba kutsekula m'mimba, ubweya wanyankhalala, ndipo makoswe amene ankawasowetsa mtendere akudutsa pamphuno pake iye ali gone. Matenda akamabwera mondondozana chonchi pa mphaka wamng'ono, wa chaka chimodzi kapena zitatu, madokotala a ziweto amayamba kuganizira za kachilombo kotchedwa FeLV.

Dzinali ndi chidule cha feline leukemia virus, kutanthauza kachilombo koyambitsa khansa ya magazi mwa amphaka. Anakatulukira ndi William Jarrett ndi anzake pa yunivesite ya Glasgow ku Scotland mu 1964, atafufuza chotupa cha mphaka wochokera panyumba imene amphaka angapo anadwala khansa yofanana. Panthawiyo inali nkhani yaikulu, chifukwa zinkaonetsa kuti khansa ya nyama yoyamwitsa ya pakhomo ikhoza kuyamba ndi kachilombo kopatsirana. Koma dzinali limasocheretsa. Amphaka ambiri amene kachilomboka kamawapha samwalira ndi khansa ya magazi yeniyeniyo. Amatha ndi kuchepa kwa magazi, zotupa za anabere, ndiponso matenda wamba amene thupi lathanzi likanawagonjetsa lokha.

Tinene msanga chimene chimadetsa nkhawa makolo: FeLV sagwira munthu. Sagwiranso agalu, nkhuku kapena mbuzi. Mwana amene amagona ndi mphaka wodwalayo pamphasa sangatenge kachilomboka. Kamangofalikira pakati pa amphaka ndi abale awo a m'tchire, monga momwe kanaphera amphaka a m'tchire otchedwa Florida panther ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndi Iberian lynx ku Doñana m'dziko la Spain mu 2007.

Chimene kamachita kakalowa m'selo

Kuti mumvetse china chilichonse pa matendawa, kuyambira chifukwa chake kuyeza kamodzi sikukwana mpaka chifukwa chake mankhwala ochiza kulibe, muyenera kugwira mfundo imodzi: kachilomboka kamalemba malangizo ake m'kati mwa malangizo a selo la mphaka, ndipo zolembedwazo sizifufutika.

FeLV ali m'banja la retrovirus, banja limodzi ndi HIV, ngakhale ubale wake ndi wapatali. Malangizo ake amawanyamula mu RNA. Kakalowa m'selo kamagwiritsa ntchito chida chake chotchedwa reverse transcriptase kusandutsa RNA ija kukhala DNA, ndipo DNA yatsopanoyo imakalumikizidwa mu DNA ya mphaka mwiniwake, mmene mumasungidwa malangizo a selo. Chidutswa cholowetsedwacho chimatchedwa provirus. Taganizirani kaundula wa kwa mfumu amene wina wasokereramo tsamba lake usiku. Aliyense wokopera kaundulayo adzakopera ndi tsamba lachilendolo, osadziwa kuti si la m'mudzimo. Selo likamagawikana, ana ake onse amatenga provirus. Selo likamawerenga malangizo ake kuti ligwire ntchito, limawerenganso tsamba lija n'kuyamba kupanga tizilombo tatsopano, timene timatuluka pang'onopang'ono popanda kuliphulitsa selolo.

Kuti kalowetse tsamba lakelo, FeLV amafuna selo limene likugawikana. N'chifukwa chake amakonda malo amene thupi limapanga maselo usana ndi usiku: mafuta a m'mafupa kumene kumapangidwa magazi, anabere, kapamba, khungu la m'kati mwa matumbo, ndi mwana amene ali m'mimba. Matenda onse amene tiwaone m'munsimu akuchokera m'malo amenewa.

Kachilomboka kali ndi zigawo zingapo zimene mayina ake mudzawamva kwa dokotala. Pakati pali chikamba cha mapuloteni, ndipo puloteni yaikulu ya chikambacho ndi p27. Maselo ogwidwa amaipanga yochuluka zedi mpaka imasefukira m'magazi, ndiye n'chimene zipangizo zoyezera zimafufuza. Kunja kuli chikuto cha mafuta chokhala ndi timinga totchedwa gp70, kiyi wotsekulira chitseko cha selo, ndipo chitetezo cha thupi chikapanga asilikali olimbana ndi gp70 mphaka amatetezeka. Timingato tazikika pa puloteni ina, p15E, imene imafooketsa maselo oyera a magazi. Chikuto cha mafutacho ndiye kufooka kwake. Sopo wamba amachisungunula, dzuwa ndi kuuma zimachiwononga, moti kunja kwa thupi la mphaka kachilomboka sikakhalitsa. Pamalo ouma kamatha mphamvu m'maola ochepa.

Matenda a amphaka ogwirizana

Popeza sikakhalitsa panja, kamafuna amphaka okhudzana kwambiri. Njira yaikulu ndi malovu. Mphaka amene kachilombo kakhazikika m'thupi mwake amatulutsa tizilombo tochuluka m'malovu tsiku ndi tsiku, ngakhale akuoneka wonenepa ndi wosalala. Kamapezekanso m'mamina, m'misozi, mumkodzo, m'chimbudzi ndi mumkaka.

Tayang'anani amphaka awiri a nyumba imodzi atagona pakhonde masana. Wina akunyambita mnzake kumutu ndi m'makutu, kumene mwiniwake safikako ndi lilime. Winayo akadzuka adzinyambita dzanja, adzipukuta nalo kumaso, anyambitanso. Madzulo onse aviika milomo m'mbale imodzi ya nsima yosakaniza ndi usipa. Palibe ndewu, palibe magazi, koma malovu ayenda ulendo wonse. Apa ndi pamene FeLV amasiyana ndi kachilombo kena ka amphaka, FIV, kamene kanapezeka ku California mu 1986 ndipo ndi kamene kali pafupi ndi HIV. FIV amafalikira makamaka polumana, choncho amakonda amphaka aamuna andewu. FeLV amayendanso polumana, ndipo kulumidwa kamodzi kokha n'kokwanira chifukwa dzino limabaya malovu m'kati mwa mnofu, koma kawirikawiri amadutsa mwa amphaka okondana.

Mayi amapatsira ana ake asanabadwe kudzera m'chiberekero, kapena atabadwa kudzera mumkaka ndi powanyambita. Apa ndi pamene khalidwe lathu la kuno limathandizira matendawa osadziwa. Mphaka akaswa kuseri kwa matumba a chimanga, ana ake amagawidwa akangoyamba kudya okha: mmodzi apita ku Chinsapo kwa achemwali, wina ku Area 23, wina kwa mnzake wa kuntchito ku Area 47 kumene kuli kale amphaka awiri okalamba. Ngati mayiyo anali ndi kachilombo, nyumba zitatu zalandira mlendo amene sanamuitane.

Msinkhu umalamulira kwambiri. Tiana tosakwana miyezi 4 ndi timene tili pachiopsezo chachikulu, ndipo tambiri tikagwidwa kachilombo kamakhazikika moyo wonse. Mphaka wamkulu amalimba, koma kulimbako kuli ndi malire. Akakhala miyezi ndi miyezi m'nyumba imodzi ndi mnzake wofalitsa, kapena akadwala matenda ena, akhoza kugonja.

Ulendo wake m'thupi, ndi pamene nkhani imagamulidwa

Kachilombo kakalowa pakamwa kapena pamphuno kamayamba kuswana mu tinyama toteteza thupi ta kukhosi ndi mwa anabere apafupi. Kuchoka apo kamakwera maselo oyera ochepa n'kulowa m'magazi, kufika ku kapamba, kwa anabere ena ndi kumatumbo. Pa nthawi imeneyi mphaka akhoza kutentha thupi pang'ono, kufooka masiku angapo, anabere n'kutupa pansi pa chibwano kapena kuseri kwa mawondo. Eni ake ambiri sazindikira n'komwe. Kakakhala m'magazi pafupifupi sabata 3, kamafika m'mafuta a m'mafupa. Kumeneko kamagwira maselo amene amabereka magazi onse, ndipo kuyambira pamenepo maselo oyera ndi timaselo toundanitsa magazi timatuluka m'mafupa titanyamula kale kachilombo. Pomaliza kamafika m'malo opangira malovu, m'chikhodzodzo ndi m'matumbo, mphaka n'kuyamba kupatsira anzake.

Si mphaka aliyense amene ulendowu umafika kumapeto. Chitetezo cha thupi chimathamangitsana ndi kachilomboka, ndipo pamene chakapezera ndi pamene pamagamula tsogolo la mphakayo.

Ena amakagonjetsa pakhomo penipeni, kukhosi kuja. Kachilombo sikalowa m'magazi, provirus sapezeka, chotsala ndi asilikali a chitetezo okha osonyeza kuti nkhondo inachitika. Amphaka otere amakhala moyo wawo wonse bwinobwino.

Ena amachedwa pang'ono. Kachilombo kamalowa m'magazi, mwinanso kufika m'mafupa, kenako chitetezo chimakapanikiza mpaka kasiya kuswana. Kawirikawiri izi zimachitika m'sabata 3 mpaka 6, ndipo zikachedwa kwambiri sizipitirira sabata 16. Madokotala amati matendawa abwerera m'mbuyo, pa Chingerezi regressive infection. Mphaka wotere sapatsira anzake m'malovu, p27 sapezeka m'magazi ake, ndipo ambiri sadzadwala. Koma tsamba lija lili m'kaundula ndithu. Chitetezo chikadzagwa, kaya ndi matenda aakulu, kaya ndi bere, kaya ndi mankhwala a steroid operekedwa ochuluka kwa nthawi yaitali, kachilombo kakhoza kudzuka. Magazi a mphaka wotere akaperekedwa kwa mphaka wina wodwala, provirus amapita nawo.

Gulu lachitatu ndi limene limatidetsa nkhawa. Chitetezo chalephera, mafuta a m'mafupa agwidwa kotheratu, ndipo kachilombo kamakhala m'magazi ndi m'malovu mpaka imfa. Awa ndi matenda opitirira, progressive infection. Amphaka a m'gulu limeneli ndi amene amafalitsa, ndiponso ndi amene amadwala. Kafukufuku wina wamkulu ku America anapeza kuti theka la amphaka opezeka ndi kachilomboka linali litamwalira pofika zaka 2.4 chiwayezereni, pamene kwa amphaka opanda kachilombo nthawi yotereyi inali zaka 6.3. Chiwerengerochi chili ndi mbali ziwiri ndipo zonse n'zofunika: moyo umafupika, koma theka lina linapitirira zaka 2.4 zija, ena kutali ndithu.

Palinso ochepa amene kachilombo kamabisala pamalo amodzi, monga m'bere, m'diso kapena m'chikhodzodzo. Amenewa amasokoneza poyeza, lero chipangizo chionetsa mawa chikana, ndipo mayi wotere akhoza kupatsira ana mumkaka magazi ake akuoneka opanda kachilombo.

Chifukwa chake amphaka awiri sadwala mofanana

Kachilombo kamene kamachoka kwa mphaka wina kupita kwa mnzake ndi mtundu wotchedwa FeLV-A. Mitundu ina imabadwira m'thupi la mphaka wogwidwayo. Chodabwitsa n'chakuti mphaka aliyense wa pakhomo, ngakhale wathanzi, amabadwa ndi zidutswa zakalekale za kachilombo kofanana ndi aka mu DNA yake, zimene makolo ake anazitenga kale kwambiri. Pazokha zidutswazi sizipanga kachilombo kamoyo. Koma FeLV-A akasakanikirana nazo pamabadwa FeLV-B, amene amapezeka kawirikawiri mwa amphaka a zotupa. FeLV-A akasintha pang'ono pa timinga take pamabadwa FeLV-C. Mtundu umenewu ndi wosowa koma ndi woopsa: umamatirira pa khomo limene maselo ofiira aang'ono amatulutsirapo heme (chinthu chimene chimafiiritsa magazi) wotsala, khomolo litsekeka, maselowo afera m'mafupa asanakhwime. Palinso FeLV-T amene amawononga maselo oyera a mtundu wa T, mtundu womwe uja umene HIV imawononga mwa anthu.

Magazi kuchepa

Chizindikiro chimene mwini mphaka angachione yekha ndi ichi. Mugoneke mphaka pamiyendo panu pamalo owala, mukweze mlomo wa m'mwamba ndi chala chachikulu, muyang'ane nkhama pamwamba pa dzino lalitali. Za mphaka wathanzi zimakhala zofiirira ngati m'kati mwa gwafa wakupsa. Mukadina ndi chala zimayera, mukachotsa mtundu umabwerera masekondi 2 asanathe. Za mphaka wochepa magazi zimakhala zotuwa, nthawi zina zoyera ngati pepala. Mphuno ndi m'kati mwa makutu namonso mumayera. Ena amayamba kunyambita simenti kapena kudya dothi.

Dokotala amayeza gawo la magazi limene ndi maselo ofiira, PCV. Mwa mphaka wathanzi limakhala pakati pa 30 ndi 45 pa 100 alionse. Mwa mphaka wa FeLV likhoza kutsika kufika 15, ngakhale 10, mphakayo akuyendabe. Chimachititsa n'chakuti selo lofiira la mphaka limakhala moyo masiku pafupifupi 70, choncho fakitale ya m'mafupa ikaima, magazi amatha pang'onopang'ono ndipo mphaka amazolowera pongogona kwambiri. Eni ake amati wayamba ulesi. Pamene akuzindikira, zinthu zafika kale patali.

Funso limene dokotala amafuna kuyankha ndi lakuti kodi mafupa akupangabe maselo atsopano kapena ayi. Mwa amphaka ambiri a FeLV ochepa magazi, pafupifupi 9 mwa 10, mafupa sakubweza. Koma otsalawo asaiwalidwe, chifukwa vuto lawo nthawi zambiri limachizika. Pali kachilombo kena, Mycoplasma haemofelis, kamene kamamatirira pa maselo ofiira n'kuwaswetsa, ndipo kamapezerapo mwayi chitetezo chikafooka. Kameneka kamamva mankhwala a doxycycline. Piritsi lake likaperekedwa louma limatha kukakamira pammero n'kuwotcha, ndiye lizitsatiridwa ndi madzi pang'ono kapena chakudya. Utitiri wochuluka nawonso umamaliza magazi a kamwana ka mphaka. Choncho nkhama zoyera pa mphaka wa FeLV si chifukwa chotayira mtima magazi asanaonedwe pa makina.

Zotupa

Provirus salowa pamalo osankhidwa. Akagwera pafupi ndi jini (chigawo cha DNA) yolamulira kugawikana kwa selo, monga yotchedwa myc, amaisiya yoyaka ngati switchi yokanirira, selo n'kumangogawikana osaleka. Umu ndi momwe khansa imayambira. Yofala kwambiri ndi lymphoma, khansa ya maselo a anabere, ndipo mphaka wa FeLV ali ndi mwayi woidwala wochuluka pafupifupi ka 60 kuposa mnzake wopanda kachilombo.

Mwa amphaka aang'ono, a zaka ziwiri kapena zitatu, chotupacho chimakonda kumera m'chifuwa kutsogolo kwa mtima. Sichioneka kunja. Chimakula, madzi adzaza m'chifuwa, mapapo asowa potambasukira. Mphaka amakhala chonjuta, zigongono atazitambasula, khosi atalitalikitsa, akupuma ndi mimba. Nthawi zina amabweza chakudya chifukwa chotupa chapana mmero. Muwerenge mpweya wake ali mtulo: kukwera ndi kutsika kwa nthiti ndi kamodzi, muwerenge masekondi 30 n'kuchulukitsa kawiri. Wathanzi sapitirira 30 pa mphindi. Akapitirira 40, kapena akayamba kupuma kukamwa kuli yasa ngati galu, mupite naye kwa dokotala tsiku lomwelo, mum'nyamule m'katoni yoboola mosam'panikiza pachifuwa. Dokotala akhoza kupopa madziwo ndi jakisoni, mphaka n'kupezako mpumulo nthawi yomweyo, ndipo madziwo akaonedwa pa makina amaulula ngati muli maselo a khansa.

Lymphoma imameranso mwa anabere ambiri nthawi imodzi, mu impso, m'maso ndi mumsana. Ya mumsana imayamba ndi kutsimphina miyendo yakumbuyo mpaka mphaka azidzikoka pansi, ndipo anthu amaganiza kuti wagundidwa ndi njinga kapena wagendedwa. Khansa ya magazi yeniyeni, imene inapatsa kachilomboka dzina, imabwera pamene maselo a m'mafupa omwewo asanduka khansa n'kudzaza malo a maselo abwino.

Chitetezo kugwa, ndi zina

Amphaka ambiri a FeLV amafika kwa dokotala ndi matenda a masiku onse amene akukana kutha: nkhama zofiira zotupa ndi kununkha m'kamwa mpaka kulephera kutafuna, chimfine cha mafinya m'mphuno ndi m'maso, chilonda cholumidwa chimene chikungotukusira, zipere, kutsekula m'mimba kwa miyezi. Kachilomboka kamachepetsa maselo oyera komanso kufooketsa otsalawo. Aakazi amataya mabere, kapena mimba imangozimiririka, kapena ana abadwa ofooka, osayamwa, n'kutha mmodzimmodzi m'sabata ziwiri zoyamba. Mphaka wamkazi amene wataya ana maulendo awiri otsatizana ayezedwe. Mwa apo ndi apo pamaoneka za mitsempha: mwana wa diso limodzi kukula kuposa mnzake, mkodzo kungotuluka wokha, kulira kosadziwika chifukwa.

Kuyeza, ndi mmene kumalakwikira

Maso sangakuuzeni. Mphaka wonenepa akhoza kukhala wofalitsa, wowonda akhoza kukhala ndi vuto lina. Mumzinda wa Lilongwe muli zipatala za ziweto, kuphatikizapo cha bungwe losamalira nyama la LSPCA, ndipo ndi bwino kuimba kaye foni kufunsa ngati zipangizo zoyezera FeLV zilipo musananyamule mphaka pa minibasi.

Chipangizo chofala ndi kapulasitiki kangati koyezera malungo. Dokotala amatenga magazi pang'ono pamwendo kapena pakhosi, adontheza pa kabowo, awonjezera madzi ake a m'kabotolo, ndipo pakatha mphindi 10 zotsatira zaoneka. Mzere umodzi umasonyeza kuti chipangizo chagwira ntchito, wachiwiri umasonyeza p27. Zambiri zimayeza FIV nthawi yomweyo pa kawindo kena. Popeza pa FeLV chimafufuza puloteni ya kachilombo osati asilikali a chitetezo, katemera sachisokoneza, mkaka wa mayi suchisokoneza, ndipo kamwana kangayezedwe pa msinkhu uliwonse.

Zolakwika zimabwera motere. Mukayeza msanga kwambiri, kachilombo kamakhala kasanachuluke m'magazi. Mphaka amene walumidwa kapena wangochokera kwina ayezedwenso pakatha masiku osachepera 30. Magazi akasweka potenga, kufiira kwake kumatha kudetsa pepala n'kuoneka ngati mzere, n'chifukwa chake madzi a magazi olekanitsidwa ndi maselo amapereka yankho lodalirika. Chipangizo chikawerengedwa nthawi itapitirira chimatha kutulutsa mzere wabodza. Chikasungidwa motentha kuposa mmene palembedwera pa bokosi, monga m'galimoto mwezi wa Okutobala, sichidalirika. Kuyeza malovu kapena misozi m'malo mwa magazi kumaphonya ambiri.

Koma cholakwika chachikulu chili pa kumasulira. Mizere iwiri pa tsiku limodzi imangonena kuti lero p27 ali m'magazi. Sikunena ngati mphakayo ali pa sabata yachinayi ya nkhondo imene apambane, kapena wagonja kale. Mphaka wooneka wathanzi akapezeka nako, apatulidwe kwa anzake, ayezedwenso pakatha sabata 6, ndipo ngati alinabe, kachitatu pakatha sabata zina 10 kuti zikwane 16 zija. Akapezekabe nako pamenepo, matenda ndi opitirira. Kumene kuli kotheka, kuyeza kwa mu labotale kotchedwa PCR kumafufuza provirus mwiniwake ndipo ndi kokhako kumene kumaulula mphaka wa matenda obwerera m'mbuyo. Kupha mphaka wathanzi chifukwa cha kuyeza kumodzi n'kulakwa, ndipo mabungwe a madokotala a amphaka ku America ndi ku Ulaya amaletsa zimenezi momveka.

Kusamala mphaka amene ali nako

Mankhwala ochotsa provirus kulibe. Chimene chimatalikitsa moyo ndi kutchinga matenda ena ndi kuwachiza msanga. Mphakayo azikhala m'nyumba kapena m'khola lotchingidwa ndi waya, podziteteza yekha ndi poteteza amphaka a anansi. Tikudziwa kuti izi n'zovuta pa mphaka amene anabwera kudzagwira makoswe kunkhokwe, koma makoswewo ndi amene amam'patsa njoka ndi tizilombo tina timene thupi lake silingathenso kulimbana nato. Afulidwe ngati ndi wamwamuna, achotsedwe chiberekero ngati ndi wamkazi; chilakolako choyendayenda chimachepa ndipo mzere wopatsira ana umaduka. Nyama ndi nsomba aziphikiridwa, mkaka wosawiritsa ayi. Mankhwala a njoka ndi a utitiri aziperekedwa pa nthawi yake, koma a utitiri akhale olembedwa kuti ndi a amphaka, chifukwa a agalu okhala ndi permethrin amapha mphaka, ndipo dibi wa ng'ombe asayandikire n'komwe. Katemera wa chiwewe ndi wa chimfine cha amphaka asalekedwe. Dokotala azimuona miyezi 6 iliyonse, kuyang'ana m'kamwa, kupapasa anabere ndi kuyeza magazi. Kunyumba muzim'kweza pa sikelo kamodzi pa mwezi, chifukwa kutsika kwa thupi kumayamba zizindikiro zina zisanaoneke, ndipo magalamu 300 pa mphaka wa makilogalamu 3 ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a thupi lake.

Akadwala matenda a mabakiteriya amachira ndithu, kungoti mankhwala amafunika nthawi yotalikirapo. Lymphoma imatha kuchepa kwa miyezi ingapo ndi mankhwala a khansa. Mankhwala a steroid amathandiza pa zotupa ndi pa mitundu ina ya kuchepa magazi, koma amatsitsanso chitetezo, ndiye asaperekedwe mwachisawawa.

Zinthu ziwiri musachite. Musam'patse Panado kapena mankhwala alionse a paracetamol; chiwindi cha mphaka sichitha kuwagaya, magazi amasanduka a bulauni osanyamula mpweya, nkhope itupa, ndipo piritsi limodzi ndi lokwanira kumupha. Chachiwiri, musam'gawire ma ARV a munthu poganiza kuti matendawa ndi amodzi. N'zoona kuti zidovudine, amene ambiri amam'dziwa kuti AZT, anayesedwapo pa amphaka, koma phindu lake pa FeLV ndi lochepa ndipo amatsitsa magazi, vuto lomwe mphakayo ali nalo kale. Wodwala amene akumwa mankhwalawo ndiye amawafuna onse osaphonya.

Katemera ndi mphaka watsopano pakhomo

Katemera woyamba wa FeLV anatuluka ku America pakati pa zaka za m'ma 1980, ndipo m'mayiko amene kuyeza, kupatula ndi kubaya katemera zinakhazikika, matendawa anatsika kwambiri. Kamwana kamabayidwa kuyambira sabata 8, kachiwiri pakatha sabata 3 kapena 4, kenako pakatha chaka. Kupitirira apo zimadalira moyo wa mphakayo: woyendayenda panja amafunika kubwereza, wokhala m'nyumba yekha osakumana ndi anzake safunika kwenikweni. Jakisoni mmodzi yekha popanda wachiwiri sateteza mokwanira. Ayezedwe kaye asanabayidwe, chifukwa katemera sachotsa kachilombo kamene kalowa kale, ndipo mwini wake amakhala ndi chikhulupiriro chabodza kuti mphaka ndi wotetezeka pamene akupatsira anzake. Katemerayu amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8. Amene watentha magetsi atazima nthawi yaitali, kapena amene waundana mufiriji, watha ntchito.

Madokotala amabaya katemerayu pa mwendo wakumbuyo wakumanzere, m'munsi mwa bondo, osati pakati pa mapewa. Chifukwa chake n'chakuti mwa amphaka ochepa kwambiri pamalo obayidwa jakisoni pamadzamera khansa yolimba ya mnofu, ndipo pamwendo imachotseka mosavuta kuposa pamsana. Kachotupa kakang'ono ka masiku ochepa n'kachibadwa. Kakakhala miyezi 3, kapena kakaposa masentimita 2, kapena kakamakulabe patatha mwezi umodzi, kaonetsedwe.

Mphaka watsopano, kaya wopatsidwa kaya wotola pamsewu, akhale m'chipinda chakechake ndi mbale zake ndi mchenga wake wochitiramo chimbudzi mpaka atayezedwa, ndipo ngati kumene wachokera sikukudziwika, ayezedwenso pakatha masiku 30 asanasakanizidwe. M'nyumba imene mmodzi wapezeka nako, onse ayezedwe. Opanda kachilombo abayidwe katemera ndi kulekanitsidwa ndi odwalawo, chifukwa katemera yekha sakwanira pa mphaka amene akunyambitana ndi wofalitsa tsiku lililonse.

Mphaka wodwalayo akamwalira, nyumba siikhala ndi kachilombo kwa miyezi monga zimakhalira ndi matenda ena a amphaka ndi agalu. Mutsuke mbale ndi sopo ndi madzi otentha, muchape nsanza zimene ankagonera n'kuziyanika padzuwa, mukolope pansi ndi JIK wosungunula kapu imodzi m'makapu 30 a madzi, ndipo mutaye mchenga wakale. Pakauma, chipindacho n'chabwino kulandira mphaka wina. Kumene kachilombo kangakhale katatsala ndi mwa amphaka amene ankadya naye m'mbale imodzi, ndiye amenewo ayezedwe kawiri, motalikirana masiku 30, kamwana katsopano kasanalowe pakhomo.